Kujambula nyanja ya madzi oyenda mu Deluxe Paint III pa Amiga

Deluxe Paint, pulogalamu yojambulira zithunzi pa kompyuta, idatuluka mu Novembala 1985. Adailemba ndi Dan Silva ku kampani ya Electronic Arts, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi anthu ambiri ojambula zithunzi za magemu ankaidalira, poyamba pa kompyuta ya Amiga ya kampani ya Commodore, kenaka pa PC. Malangizo awa ndi a Deluxe Paint III ya 1989 pa Amiga 500. Chithunzi chomwe tijambule ndi cha nyanja dzuwa likulowa: thambo, mapiri, bwato, ndi madzi omwe azioneka akuyenda ngakhale chithunzicho ndi chimodzi chokha.

Musanagwire mausi, mvetsani mfundo imodzi, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pomwepo. Kadontho ka pa sikirini ya Amiga sikasunga mtundu. Kamasunga nambala ya chipinda, kuyambira 0 mpaka 31, ndipo mtunduwo uli m'chipindamo. Zili ngati khoma lomwe pamalo aliponse padalembedwa kuti "penti ya m'chitini nambala 9": mukasintha penti ya m'chitinimo, malo onse olembedwa 9 amasintha nthawi yomweyo osawakhudza. Yemwe wazolowera mapulogalamu a masiku ano amayamba n'kujambula, mitundu n'kumasankha ali m'kati mwa ntchito. Mu Deluxe Paint mukatero mudzavutika. Mitundu imayalidwa koyamba, mu ndondomeko yake, kujambula pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

Ambiri alibe Amiga yeniyeni, choncho amagwiritsa ntchito pulogalamu yoyerekezera Amiga: WinUAE pa Windows, kapena FS-UAE pa Linux ndi Mac. Zonsezi zimafuna fayilo ya Kickstart 1.3, pulogalamu yoyatsira Amiga, yomwe imapezeka movomerezeka mu Amiga Forever ya kampani ya Cloanto, komanso disiki ya Deluxe Paint III yosandutsidwa fayilo ya ADF. Mu WinUAE pitani pa Quickstart, sankhani A500 yokhala ndi 512 KB ya Chip RAM ndi 512 KB ina yowonjezera. Musachepetse kufika pa 512 KB yokha: pulogalamuyo itseguka, koma tsamba lachiwiri ndi maburashi aakulu ziziyamba kukana. Ikani ADF ya pulogalamu mu DF0, chowerengera disiki choyamba, ndipo pa tsamba la Floppy drives pangani disiki yopanda kanthu yoti ikhale mu DF1, chowerengera chachiwiri, yosungiramo zithunzi. Batani la F12 limakubwezerani ku zosintha za WinUAE nthawi iliyonse.

Ngati muli ndi Amiga 500 yeniyeni, tsegulani kachitseko ka pansi pake muone khadi ya memori ya A501. Batire lake limachucha likakalamba n'kudya tinjira ta pa bolodi, lichotseni lisanawononge.

Kusankha sikirini

Pulogalamu ikatseguka imakufunsani Screen Format. Sankhani Lo-Res ndi mitundu 32. Pa Amiga ya PAL, ya ku Ulaya, izi zimapereka timadontho 320 m'lifupi ndi 256 kutsika. Ya NTSC, ya ku America, imapereka 320 ndi 200. Kusiyanaku n'kofunika. Pa 320 ndi 200 kadontho kamakhala kotalika kutsika kuposa m'lifupi mwake, mwakuti dzuwa lojambulidwa lozungulira bwino pa sikirini imeneyo limaoneka lophwatalala mukaliona pa kompyuta ya lero. Pa PAL timadontho tili pafupi kufanana mbali zonse, choncho khalani pa PAL.

Hi-Res imakopa chifukwa ndi 640 ndi 512, koma imalola mitundu 16 yokha, imaphethira pa TV mpaka maso kuwawa, ndipo tsamba limodzi limadya mabaiti 163,840. Tsamba la Lo-Res la mitundu 32 limadya 51,200 basi. Palinso mitundu 64, ya Extra Halfbrite, koma 32 yachiwiriyo simusankha nokha: ndi yoyamba yomweyo itachepetsedwa kuwala ndi theka. Pa chithunzi choyamba isiyeni.

Menyu imaoneka mukagwira batani la kumanja la mausi pamwamba pa sikirini. Pa tsamba lojambulapo, batani la kumanzere limalemba ndi mtundu wa kutsogolo, la kumanja ndi mtundu wa kumbuyo. Mukadina chida ndi batani la kumanja, zosintha za chidacho zimatseguka.

Kuyala mitundu

Apa ndi pomwe pagona ntchito, ndipo musathamangirepo. Dinani p kuti Palette itseguke. Mtundu uliwonse uli ndi manambala atatu, R wa kufiira, G wa kubiriwira, B wa buluu, aliyense kuyambira 0 mpaka 15. Zonse pamodzi ndi mitundu 4,096, ndipo inu mukusankhamo 32. Zipindazo zidandandalikidwa m'mizere inayi yotsika, uliwonse wa zipinda 8: woyamba ndi 0 mpaka 7, wachiwiri 8 mpaka 15, wachitatu 16 mpaka 23, wachinayi 24 mpaka 31.

Chipinda 0 chikhale chakuda, 0,0,0, ndipo 1 chikhale chowala, 15,15,15. Pulogalamu imalemba menyu ndi zida zake pogwiritsa ntchito zipinda zoyambirirazi, ndipo mukazipatsa mitundu yofanana, menyu imazimirira muli pakati pa ntchito. Chipinda 0 ndi mtundunso wa m'mphepete mwa sikirini yonse. Zipinda 17, 18 ndi 19 nazo zili ndi ntchito ina: Amiga imatengamo mitundu ya kamuvi ka mausi. Mukaziika mitundu ya madzi, kamuviko kazisowa kakafika pa madzi. Zisiyeni momwe zilili.

Thambo lipatseni mzere wachiwiri wonse. Chipinda 8 chiikeni 2,1,5, buluu wakuda wa kumwamba. Chipinda 12 chiikeni 12,4,5, kufiira kwa kulowa kwa dzuwa, ndipo 15 chiikeni 15,12,4, chikasu cha pafupi ndi mapiri. Tsopano dinani 8, kenako Spread, kenako 12: pulogalamu idzaza yokha 9, 10 ndi 11. Bwerezani kuchokera pa 12 kufika pa 15. Chifukwa choikira mtundu wapakati pamanja n'chakuti Spread imangowerengera masamu. Mukailumikiza 8 ndi 15 mwachindunji, pakati pamatuluka china chake ngati 8,6,4, bulawuni wa matope, ndipo palibe thambo la madzulo lotero.

Chinanso pa Spread: masitepe ndi 16 okha pa nambala iliyonse. Pakati pa 0,0,4 ndi 0,0,8 pali mitundu 5 basi. Mukaitambasula pa zipinda 10, theka lake lidzakhala lobwerezabwereza, mwataya zipinda pachabe. Malekezero awiriwo azitalikirana mokwanira.

Mzere wachinayi ndi wa kunyezimira kwa madzi, ndipo ukufuna kuyalidwa mwa mtundu wina. Chipinda 24 chikhale 1,2,5, chipinda 28 chikhale 13,8,6, chipinda 31 chikhale 3,3,6, Spread kawiri monga kale. Onani kuti mzerewu ukuyamba kukuda, kuwala pakati, n'kubwereranso kukuda. Mitunduyi idzazungulira, 31 ikadzatha pakubwera 24, ndipo ngati malekezero asiyana kwambiri madziwo aziduka mwadzidzidzi m'malo moyenda.

Zotsalazo n'zachangu. Chipinda 20 chikhale 1,2,5, madzi okhazikika osazungulira. Mapiri atenge 16 pa 3,1,4 ndi 21 pa 5,2,5. Dzuwa litenge 22 pa 15,14,9, ndi 23 pa 15,13,6 ya m'mphepete mwake. Bwato litenge 2 mpaka 5, kuchokera pa 2,1,1 kufika pa 9,5,3, ndipo 6 ndi 7 zikhale za malaya a msodzi.

Musanatseke Palette, uzani pulogalamu magulu a zipinda zoyendera limodzi. Sankhani gulu loyamba, dinani chipinda 8, kenako Range, kenako 15, ndipo Speed ya gululi, liwiro lozungulirira mitundu yake, muitsitse mpaka pansi. Gulu lachiwiri likhale 24 mpaka 31, Speed yake pang'ono chabe. Gulu lachitatu 2 mpaka 5, Speed pansi. Magulu ena omwe pulogalamu idabwera nawo, atsitseninso Speed. Dinani OK, ndipo sungani fayilo pompano, ngakhale tsamba lilibe kanthu: Picture, Save, df1:, dzina. Mitundu ndi magulu zimasungidwa m'fayilomo.

Thambo ndi mapiri

Dinani F10 kuti menyu ndi zida zichoke, apo ayi simufika m'mphepete mwa tsamba ndipo padzatsala kamzere kakuda kumanja. Koma choyamba sankhani mtundu uliwonse wa m'gulu la thambo, chifukwa pulogalamu imatenga gulu lomwe mtundu wa kutsogolo ulimo. Dinani chida chodzazira ndi batani la kumanja kuti Fill Type itseguke, sankhani Gradient yotsika kuchokera kumwamba. Pali kachogwirira ka Dither: kali pansi, mitundu imaima m'mizere yooneka malire, mukakakweza, timadontho ta mitundu yoyandikana timalowana. Ikani pang'ono. Mukakweza kwambiri thambo limaoneka ngati lathiridwa mchenga, ndiponso fayilo imakula.

Dinani R wamkulu, bokosi lodzaza, ndi kukoka kuchokera pa ngodya ya pamwamba kumanzere kufika kumanja, kutsika mizere pafupifupi 150. Mtundu uliwonse mwa 8 ija utenga mizere pafupifupi 19. Ngati chikasu chapita kumwamba ndipo buluu pansi, dinani b, tolani thambo lonse ngati burashi, dinani y kuti lizondoke, libwezereni pamalo pake.

Bwererani ku Fill Type muike Solid. Mukaiwala, chilichonse chodzaza chomwe mujambule pambuyo pake chizituluka cha mizeremizere. Ndi chipinda 20 jambulani bokosi lodzaza pa mizere yonse yotsala pansi. Dzuwa lijambuleni ndi C wamkulu ndi chipinda 22, timadontho 14 kuchokera pakati kufika m'mphepete, litakhala pang'ono pamwamba pa malire a madzi.

Mapiri ajambuleni ndi d, chida cha mzere wosaduka, osati s. Chida cha s chimasiya timipata mukakoka mausi mwachangu, ndipo utoto wodzazira umatulukira pa mpata wa kadontho kamodzi n'kumeza chilichonse cha mtundu umodzi chomwe wakumana nacho. Zikatero dinani batani lalitali la mpata kuti uime, kenako u. Palinso vuto lina pano: chida cha f chimadzaza timadontho tolumikizana ta mtundu umodzi wokha, ndipo thambo lathu ndi losakanizika, choncho f ingodzaza tizigamba. Njira yabwino ndi W wamkulu, chida cha ngodya zambiri chodzaza: dinani nsonga ndi zigwa za phiri imodzi ndi imodzi mpaka mutabwerera poyambira. Phiri lakutali lijambuleni koyamba ndi 21, lapafupi pambuyo ndi 16. Lakutali limawala kuposa lapafupi, ndipo kusiyana kwa masitepe awiri kokha kumakwana kuti diso lione mtunda.

Kumbukirani kuti u imabweza chinthu chimodzi chokha, chomalizira. Mukaidina kachiwiri imabwezeretsa cholakwika chija. Chitetezo chenicheni ndi tsamba lachiwiri: Picture, Spare, Copy To Spare musanayese chinthu chachikulu, ndipo j imakusinthirani masamba awiriwo. Izi sizilowa m'malo mwa kusunga pa disiki. Magetsi akathima masamba onse awiri amapita.

Bwato

Dinani j mupite pa tsamba lachiwiri, ikani chipinda 0 ngati mtundu wa kumbuyo, dinani K wamkulu kuti lifufutike. Bwato likhale la timadontho pafupifupi 44 m'litali ndi 7 kutalika. Dinani kadontho ka pa kiyibodi kuti burashi ikhale ya kadontho kamodzi, kenako m ndi kudina pamalopo kuti pakule. Mabatani a < ndi > amachepetsa ndi kuwonjezera kukulako. Mimba ya bwato ijambuleni ndi q, chida chokhota: dinani nsonga ina, kokerani ku inzake, kenako tsitsani mausi mpaka kukhotako kukukomereni. Pamwamba tsekani ndi v, dzazani ndi chipinda 3.

Pa kukula kotere kadontho kalikonse kamaoneka. Mzere wopendekera umasalala ngati masitepe ake akutsatana bwino, monga 5, 3, 2, 1, 1. Ukakhala 3, 1, 4, 1 umaoneka wobenthuka. Fufutani timadontho tounjikana pa ngodya, tomwe mausi imasiya ikamakhota.

Mthunzi uikeni ndi Shade, batani la F5. Shade siika mtundu watsopano. Imasuntha kadontho komwe yakhudza kupita ku chipinda choyandikana nacho m'gulu, batani lina la mausi kukwera, linalo kutsika. N'chifukwa chake tidayala 2 mpaka 5 kuchokera kukuda kupita kowala. Gulu likadakhala losakanizika, mthunzi wa bwato ukadatuluka wobiriwira kapena wofiira. Walitsani m'mphepete moyang'ana dzuwa, detsani pansi. Mukamaliza dinani F2 kapena F1 kuti mutuluke mu Shade.

Tsopano b, ndi kuzunguliza bwato ndi batani la kumanzere, lomwe limakopera. La kumanja limadula n'kusiya dzenje. Timadontho tonse ta mtundu wa kumbuyo pa nthawi yotola timakhala toonekera mkati. Ichi n'chifukwa chake mkati mwa bwato tidagwiritsa ntchito chipinda 2 pa malo akuda, osati 0: mukadetsa ndi 0, bwatolo lidzakhala lobowoka. Sungani burashiyo payokha pa Brush, Save. Dinani j, ikani bwato pa madzi. Pa chithunzithunzi chake cha m'madzi dinani y kuti lizondoke, F2 kuti lonse litenge mtundu umodzi, sankhani chipinda 16, liikeni pansi pa bwatolo. Kenako ndi chipinda 20 dulani chithunzithunzicho ndi timizere topingasa, kulumpha mzere umodzi kapena iwiri.

Mabatani a h ndi H amachepetsa ndi kukulitsa burashi, z amaitembenuza. Kuchepetsa kumataya timadontho ndipo sitibwerera mukakulitsanso, choncho nthawi zonse yambirani pa burashi yomwe mudasunga.

Madzi

Tetezani kaye zomwe mwajambula. Pa Effects, Stencil, Make, dinani mitundu yonse yoti isakhudzidwe: thambo, mapiri, dzuwa, bwato. Chachidule ndi kudina chipinda 20 ndi mzere wachinayi wonse, kenako Invert, kenako Make. Chilembo S chioneka pamwamba. Stencil imagwira malo omwe mitunduyo inali pa nthawi yomwe mudaipanga. Mukasuntha bwato pambuyo pake, malo akale akhalabe otsekedwa mpaka mutadina Remake. Ndipo tsiku lina burashi ikadzakana kulemba popanda chifukwa, yang'anani S ameneyo musanaganize kuti pulogalamu yafa.

Pangani burashi ya kamzere kopingasa, timadontho 10 m'litali ndi kamodzi kutalika. Sankhani chipinda 24, dinani F7, yomwe ndi Cycle, kenako s. Mu Cycle, nthawi iliyonse burashi ikagunda pa tsamba imatenga chipinda chotsatira cha m'gulu: 24, 25, 26, mpaka 31, n'kuyambiranso. Kokani mausi pang'onopang'ono kuchokera pansi pa dzuwa kutsika, mukugwedezera kumanzere ndi kumanja, njira ya kuwala izikula ikamayandikira pansi pa tsamba. Pafupi ndi mapiri gwiritsani ntchito timizere tatifupi, ta timadontho 3 kapena 4. Pansi ta 14 kapena 16. Kumbali, kutali ndi dzuwa, ikani tapatalipatali. Madzi ambiri atsale pa chipinda 20. Mukadzaza paliponse, nyanja yonse iziphethira ngati magetsi a pa disiko.

Dinani Tab. Palibe kadontho komwe kasuntha. Pulogalamu ikungosuntha mitundu m'zipinda 24 mpaka 31, wa mu 24 kupita mu 25, wa mu 25 kupita mu 26, ndipo diso likuona mafunde. Mark Ferrari, yemwe ankajambula zithunzi za magemu ku Lucasfilm Games, adatchuka ndi luso limeneli, mpaka kupanga mvula, mathithi ndi chipale ndi chithunzi chimodzi.

Zolakwika zake zimadziwika msanga. Thambo nalo likamazungulira, Speed ya gulu lake simudaitsitse. Mafunde akamathawira ku dzuwa m'malo mobwera kwa woonera, tembenuzani kamuvi ka gulu lachiwiri mu Palette. Madzi akamangothwanima osaoneka kolowera, ndiye kuti timizere toyandikana sitikutsatana manambala, mwina mudakoka mausi mothamanga. Fufutani ndi chipinda 20 mubwereze mofatsa. Diso la msodzi kapena nsonga ya phiri ikamaphethira, mudatolapo mtundu wa madzi mosadziwa. Dinani batani la koma (,) pa kiyibodi ndi kudina pa kadonthoko, pulogalamu ikuonetsani chipinda chake. Zipinda 20 ndi 24 n'zofanana maonekedwe, choncho cholakwika chimenechi sichioneka mpaka mutadina Tab.

Zimitsani kuzungulira ndi Tab musanapitirize kujambula, kuti muziona mitundu m'zipinda zake zenizeni.

Kusalaza m'mphepete

Kulitsani pa dzuwa ndi m. Pa ngodya iliyonse ya sitepe ikani kadontho kamodzi ka chipinda 23, komwe kali pakati pa mtundu wa dzuwa ndi wa thambo. Pa sitepe yaitali ikani tiwiri. Smooth ya pa F8 imachita zomwezi yokha, koma imasankha mtundu wapafupi m'zipinda zonse 32, ndipo ikhoza kutola wa m'gulu la madzi. Dzuwa lanu liziphethira m'mphepete. Pa chithunzi chozungulira mitundu salazani pamanja, kapena onani ndi Tab mukangomaliza.

Mukafuna mtundu womwe mulibe, yalani timadontho ta mitundu iwiri mosinthana, kamodzi ka uwu, kamodzi ka uwo. Jambulani kabokosi ka 2 ndi 2, katoleni ndi b, mu Fill Type sankhani From Brush ndi Pattern. Zimagwira bwino mitundu iwiriyo ikayandikana kuwala, monga 16 ndi 21 pa tsinde la phiri. Chakuda ndi choyera sizisakanizika, zimangooneka madontho.

Kusunga ndi kutulutsa chithunzi

Deluxe Paint imasunga mu IFF ILBM, mtundu wa fayilo womwe Electronic Arts idakhazikitsa mu 1985. M'fayilomo muli timadontho, mitundu 32, ndi magulu pamodzi ndi liwiro lake. Disiki ya 880 KB imanyamula zithunzi zotere zoposa 15. Sungani ndi mayina otsatana, nyanja1, nyanja2, osamangolemba pa fayilo imodzi, ndipo dikirani kagetsi ka disiki kazime musanaichotse kapena kutseka WinUAE, apo ayi disiki yonse ikhoza kukana kutseguka.

Kuti chithunzi chifike pa kompyuta ya lero, mu WinUAE onjezani foda ya pa kompyuta yanu ngati hadi disiki, pa Add Directory or Archive, ndi kusungira mmenemo. Disiki ya Amiga yeniyeni siwerengeka pa chowerengera wamba cha PC. Pamafunika kachipangizo ngati Greaseweazle, kapena kuika Gotek mu Amiga kuti izisunga pa fulashi.

Fayiloyo itseguleni ndi GrafX2, pulogalamu yaulere yomwe idatengera kagwiridwe ka Deluxe Paint, ndi kuisunga ngati PNG. Choyera chikaoneka chotuwa, chifukwa chake n'chakuti mafayilo akale ambiri amalemba 15 ngati 240 m'malo mwa 255. Nambala iliyonse ya Amiga ichulukitseni ndi 17 kuti mupeze yoyenera. Pokulitsa, chulukitsani ndi nambala yathunthu, monga kanayi kuti chikhale 1280 ndi 1024, ndipo sankhani njira ya Nearest Neighbour kuti timadontho tisasungunuke. Kulitsani musanatumize pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa amafinya zithunzi ndipo cha 320 ndi 256 chimafika chitapakika. PNG siisunga kuzungulira kwa mitundu: kuti ena aone madzi akuyenda, jambulani vidiyo ya sikirini Tab ili yoyatsa, kapena sungani zithunzi 8, chilichonse mitundu itasuntha sitepe imodzi, ndi kuzilumikiza kukhala GIF.